Wapansi pa Thandala

Kwathu kuno malo athyathyathya ndi bwalo la sukulu lokha, nalonso anthu anachita kulisalaza ndi makasu. Kwina konse, ngati sukukwera ndiye kuti ukutsika. Minda ili m'mbali mwa phiri, mizere yake yopingasa kuti mvula isakokolole nthaka, koma imakokololabe. Timalima mbatatesi, kabichi, nyemba, ndi chimanga pang'ono chimene chimachedwa kucha chifukwa cha kuzizira. Msewu ndi umodzi. M'chilimwe lole imafika mpaka pamsika, ndipo mtengo wa mbatatesi amatchula ndi mwini lole, chifukwa amadziwa kuti palibe angabwerere ndi thumba kumtunda. Mvula ikayamba lole imathera pa mlatho wa kumunsi, katundu n'kumayenda pamutu. Ana akamaliza sukulu amatsika ndi lole yomweyo, obwerera ndi ochepa. Amene watsala, ngati munda wake ndi waung'ono, amadalira mitengo: paini ndi bulugamu zimene makolo anabzala m'malo otsetsereka kwambiri, mmene munthu sangaime ndi khasu.

Ine ndine kalipentala. Matabwa ambiri amene ndapala moyo wanga wonse anachekedwa ndi anthu awiri, munthu ndi mlamu wake. Ndikufuna kunena za mmodzi wa iwo, amene tonse timamutcha Utuchi.

Kachekedwe kake kali chonchi. Sowo ndi yaitali kuposa munthu, ya zogwirira mbali zonse ziwiri. Kuchigwa amakumba dzenje kuti wina aimemo. Kuno sitikumba, phiri linatikumbira kale. Amazika mitengo iwiri ya mphanda chakumunsi, n'kuyala mitanda kuchokera pa mphandapo kukagunda phiri. Limenelo ndiye thandala. Chipika amachigubuduza kuchokera kumtunda mpaka chigone pa mitandayo. Kenako amanyika chingwe m'makala osinja osakaniza ndi madzi, amachikoka kuti chilimbe, n'kuchisiya chimenye chipika. Pamatsala mzere wakuda. Munthu mmodzi amaima pamwamba pa chipikacho, kukweza sowo ndi kuitsogolera mu mzere. Wina amaima pansi n'kumakoka, chifukwa sowo imadya potsika. Wapamwamba ntchito yake ndi maso. Wapansi ntchito yake ndi msana, ndipo utuchi wonse umagwera iye.

Wapamwamba amalemekezeka. Thabwa likawongoka amatama iye. Pakati pa ocheka pali chizolowezi chakuti munthu amayambira pansi, akadziwa ntchito amakwera, ndipo akakwera satsikanso. Wotsika ndiye kuti watha, akakhale kunyumba azisankha nyemba. Palibe anakhazikitsa lamulo limeneli, koma ocheka amaliopa kuposa la boma.

Utuchi sanakwere. Iye anabadwira kuchigwa, kotentha, kumene mlendo umamuona m'mawa akubwera n'kudzafika masana. Anabwera kuno ali mnyamata, akukweza matumba a mbatatesi pa lole. Pamsika anaona mtsikana wogulitsa kabichi, ndipo ulendo wina lole inatsika popanda iye. Mlongo wake wa mtsikanayo anali wocheka matabwa, wapansi wake atangothawira kutauni. Anatenga mlamu watsopanoyo n'kumuika pansi pa thandala.

Patapita zaka zingapo mlamuyo anati nthawi yakwana yoti Utuchi alawe pamwamba. Thandala linali m'mphepete mwa phompho, monga amakhalira mathandala ambiri kuno. Utuchi anakwawa mpaka pakati pa chipika, anaimirira, anayang'ana pansi. Anaona nsonga za mitengo, ndi mtsinje ukuoneka ngati ulusi. Anakhala pansi n'kukumbatira chipika ndi manja ndi miyendo yomwe. Anamunyengerera, anamukalipira, osatheka. Anachita kumutsitsa amuna atatu ngati thumba. Kuyambira tsiku limenelo malo ake anali pansi. Ngakhale kunyumba kwake, mphepo ikasasula malata amakwera padenga ndi mkazi wake, iye n'kumapereka misomali ali pansi.

Ndi munthu wamfupi, wa mapewa ngati chitseko. Kumutu ankavala thumba lopinda ngati chipewa, ndipo maso ankakhala otsinzina pang'ono ngakhale ali pakhomo pake. M'nsidze, m'ndevu, m'makutu, monse munali utuchi. Mkazi wake ankati nkhuku zimamutsatira poganiza kuti gaga wayamba kuyenda. Salankhula kwambiri, wapansi akatsegula pakamwa amadya matabwa. Anabereka ana asanu. Mmodzi anamwalira ali wakhanda chaka chimene mlatho unakokoloka, chipatala chili tsidya. Atsikana atatu anakwatiwa kutali. Mnyamata anapita kutauni. Mvula ikagwa Utuchi ankalima mbatatesi ndi mkazi wake, ikatha ankabwerera ku sowo. Matabwa ankatsitsa okha pamutu, iye ndi mlamu wake, m'njira yoterera imene mbuzi imayamba yaganiza isanadutse. Njira imeneyo sankaiopa, bola phazi likhale pa dothi. Chimene ankaopa ndi kukhala ndi mphepo pansi pa mapazi.

Mlamu wake ndi wamtali, woonda, wapakamwa. Tsiku lonse ankalankhula ali pamwamba: za mitengo, za mvula, za ulesi wa anthu a kuchigwa. Ankamuitana Utuchi kuti achule anga a m'dambo. Utuchi ankayankha ndi sowo. Akatopa nazo ankakoka mwamphamvu, mlamuyo n'kudzandira, n'kukhala chete pang'ono. Koma mzere mlamuyo ankaudziwa. Pa nkhani zina akanatha kukunamiza, pa mzere ayi. Madzulo ankanola yekha sowo ndi tupa, dzino limodzilimodzi, osalola munthu wina kuikhudza. Thabwa lake unkangolipala kamodzi. Mkazi wake anamwalira, theka la munda wake linapita nthaka itagumuka, ndipo mwana wake wamkazi anamusiyira zidzukulu zitatu n'kupita kukafuna ntchito. Nyumba imeneyo inkadalira sowo basi.

Kenako kunabwera makina ochekera a petulo. Mnyamata mmodzi amagwetsa mtengo m'mawa, pofika madzulo matabwa ali pamsewu. Matabwa ake ndi okhakhala, ndipo mbali yaikulu ya mtengo imathera mu utuchi, koma ndi achangu, ndipo omanga nyumba safunsa zambiri. Mathandala ambiri anaola. Mwana wa Utuchi naye anabwerera kuchokera kutauni ndi makina ake. Akuluakulu awiriwo anatsala ndi ife ochepa ofuna matabwa a zitseko ndi matebulo. Chimene chinkawadyetsa chinali chimodzi: matabwa awo anali owongoka.

Chaka china anayamba kukhota. Thabwa limodzi, uku lonenepa, uku loonda, pakati mimba. Ndinkapala mpaka mkono kuwawa, thabwa la chitseko n'kusanduka la shelefu. Utuchi atabweretsa ena ndinamuuza. Anati chipika chinali chopotoka. Ulendo wachiwiri anati sowo inabuntha, tupa yatha. Ulendo wachitatu ndinamufunsa ngati mitengo yonse ya m'phiri muno yapangana kupotoka chaka chimodzi.

Anatula thabwa, anachotsa nkhata pamutu, anakhala pa benchi langa.

"Ndi maso," anatero. "Alamu mzere sakuuona."

Anati anazindikira kalekale. Wapansi amamva sowo ikachoka mu mzere, imalemera mbali imodzi. Iye ankayesa kuibweza ali pansi, mlamuyo n'kumaibwezanso kumene akuganiza kuti kuli mzere, sowo n'kumapindika pakati ngati anthu awiri akulimbirana nsalu. Anayesa kuchulukitsa makala kuti mzere ude kwambiri. Zinathandiza miyezi ingapo. Ng'ala inali itayera m'maso onse awiri, ndipo aliyense ankaiona kupatula mwini wake. Mlongo wake atamuuza za chipatala, anayankha kuti iye amatha kuona nkhupakupa pa mbuzi ya tsidya lina. Tsiku lomwelo anathira tiyi pambali pa kapu.

Ine sindinamunyengerere Utuchi. Ndinali nditalandira ntchito ya zitseko za chipatala chaching'ono chimene ankamanga pafupi ndi msika. Ndinamuuza kuti matabwa otsatira akakhota ndikatenga kwa anyamata a makina, ndipo sindidzabwereranso. Chitseko sichimva chisoni, chikakhota sichitsekeka. Anagwedeza mutu, anatola nkhata yake, anapita.

Mwana wake anali atamuuza kale maganizo ake. Anati bambo asiye amalume, abwere kwa iye, azingoyeza zipika ndi kumenya mizere, ntchito yoyenera munthu wamkulu. Anati chifuwa chimene akutsokomolacho si cha chimfine. Sanalakwe. Mnyamatayo si woipa mtima, koma makina safuna okalamba awiri. Za amalume ake anati aziwapatsa kangachepe akapeza. Tonse tikudziwa mmene kangachepe kotere kamathera mvula ikatseka msewu.

Mkazi wa Utuchi anandipeza pamsika. Anati anawafunsa amuna ake mafunso awiri. Akawasiya achimwene, adya chiyani ndi ana aja? Akapanda kuwasiya, adya chiyani iwo? Amuna akewo anangoyang'ana denga. Ndinamuuza kuti njira ndi yoonekeratu: wosaona atsike, woona akwere, pansi sipafuna maso. Anaseka mosakondwa.

"Amisiri, wina angalole kufa ndi njala kusiyana n'kutsika. Winayo angalole kufa ndi njala kusiyana n'kukwera. Ine Mulungu anandipatsa onse awiri."

M'mawa wina ndinapeza Utuchi kuseri kwa shedi yanga, atatsamiritsa makwerero anga pakhoma. Anali chapakati, manja atagwira zolimba, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Ndinamufunsa chimene akufuna. Anati akuona ngati malata anga sakudontha. Ndinati sakudontha. Anati ndi bwino kuonetsetsa. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja womwe. Ndinasiya kufunsa, makwerero ndinkangowasiya panja. Patapita masiku ndinamva mapazi padenga, kenako chete wautali, kenako mawu apansipansi akundipempha kuti ndigwire makwerero chifukwa kutsika kwamukanika.

Tsiku loyamba kucheka matabwa a zitseko zija ndinakwera nawo, kuti ndisankhe ndekha zipika. Thandala linali pamwamba pa phompho lomwe lija, kapena lina lofanana nalo. Kuno maphompho sasowa. Nkhungu inali itadzaza chigwa. Anagubuduza chipika, anamenya mzere. Ndinaona mlamuyo akupapasa m'mphepete mwa chipika ndi chala cha kuphazi asanaimirire bwino. Anayamba kucheka. Asanafike patali Utuchi anasiya sowo n'kuyamba kutsokomola. Chifuwa anali nacho ndithu, koma tsiku limenelo anachikometsera. Anatuluka pansi pa thandala, anakhala pa chitsa.

"Alamu, chifuwa chandikana. Utuchi ndadya wakwana. Mukapanda kundichitira chifundo n'kutsika, ntchito yathu ithera pano."

Mlamuyo anaseka mpaka kugwira mawondo. Anafunsa ngati achule ayamba kumera mapiko. Anakumbutsa za amuna atatu aja, mmodzimmodzi, awiri mwa iwo malemu. Utuchi sanaseke. Kuseka kwa mlamuyo kunazilala kokha. Anaima pamwambapo, nkhope ataloza kumene kunkachokera mawu, koma chapambali pang'ono.

"Chifuwa chimenechi chayamba liti?"

"Kale. Ndimangobisa. Mukudziwa inu, munthu ukakalamba suvomera msanga."

Kumunsi kunkamveka makina a anyamata akulira. Mlamuyo anapukuta manja pa buluku, anakhala pa chipika, anasendera mpaka kumtunda, mapazi n'kugunda dothi. Anatembenukira kwa ine.

"Amisiri, mukhale mboni. Ndikutsika chifukwa cha chifuwa cha munthu uyu. Mlongo wanga asakhale wamasiye ine ndili moyo."

Ndinati ndamva.

Utuchi anatulutsa chingwe m'thumba lake, chija amamangira matabwa. Mbali ina anamanga pa chitsa chakumtunda, ina m'chiuno. Anakwawa pa chipika ngati mwana. Ataimirira thandala lonse linkagwedera, ndipo mlamuyo analimva ali pansi. Anamuuza kuti atangadze miyendo, zala za kumapazi zigwire khungwa, ndipo asayang'ane kuphompho chifukwa phompho silinagulepo thabwa. Ayang'ane mzere basi.

Thabwa loyamba linali loipa kuposa onse amene ndinawakana. Lachiwiri chimodzimodzi. Utuchi ankagwira sowo ngati akadali pansi, kuikankha m'malo moikweza, ndipo maso ankamuthawira kuphompho. Mlamuyo ankalavula utuchi, kudandaula, kutchula makolo a kuchigwa, koma manja ake ankamva zimene maso anasiya kuona. Akanena kuti mwapita kumanzere, ukayang'ana unkapeza wapitadi kumanzere. Popuma masana anakung'untha malaya, anatokosa m'makutu, anafunsa mlamu wake ngati zaka zonsezi ankadya zimenezi osanena kanthu.

"Mukanamva? Munali pamwamba."

Matabwa a sabata imeneyo ndinawatenga kuti ndikamangire khola la nkhumba. Ndinawauza kuti a zitseko ndidikira pang'ono, osati mpaka kalekale. Omanga chipatala ankabwera kudzandifunsa, ine n'kumawasonyeza mafelemu a zitsekozo. Mvula isanagwe awiriwo anabweretsa matabwa owongoka. Sanafike pa akale aja amene unkapala kamodzi. Awa umapala katatu. Koma zitseko zija zikutsekeka mpaka lero.

Anthu anaseka, monga anthu. Ankati pa thandala lija amangirirapo mbuzi. Ocheka akale amene anatsala ankati wapamwamba wotsika sanamuonepo chibadwire, ndipo ena anasiya kumusiyira mlamuyo mpando akafika. Iye sanawaone, kapena anachita ngati sanawaone. Kwa munthu wa ng'ala n'kovuta kusiyanitsa. Mwana wa Utuchi anakwera tsiku lina, anaima patali. Anaona bambo ake ali pamwamba ndi chingwe chothaitha m'chiuno, amalume ake ali mbuu ndi utuchi. Mawa lake anatumiza chingwe chatsopano, cholimba, chija amamangira katundu pa lole.

Mantha a Utuchi sanathe. Ndimamufunsa nthawi zina, amati ali pomwepo, amangokwera nawo. M'mawa sadya kanthu asanakwere, chifukwa chimabwerera. Mphepo ikalimba amatsika, ntchito iime, mlamuyo alankhule mmene angalankhulire. Padenga la nyumba yake wokwera akadali mkazi wake. Iye amati anavomera thandala, sanavomere denga. Mlamuyo pamapeto pake analola kupita kuchipatala chachikulu cha kumunsi. Anamukonza diso limodzi. Likuona pang'ono, mokwanira kuthira tiyi m'kapu, osati kutsata mzere. Sowo amanolabe yekha, ndi zala. Za kukweranso sanatchulepo.

Sindikudziwa kuti acheka mpaka liti. Mitengo ikuluikulu ikutha, makina akuchuluka, ndipo onse awiri misana yayamba kuwerama. Pakali pano zidzukulu zija zikudya, zikupita kusukulu, ndipo ine ndili ndi matabwa a zitseko.

Tsiku la msika mlamuyo amakhala pakhonde la shedi yanga, nkhuku zikumuzungulira, n'kumafotokozera aliyense wofuna kumva mmene anatsikira pa thandala kuti apulumutse mlamu wake wa kuchigwa, wa chifuwa chofooka. Chifuwacho chinachepa kuyambira pamene Utuchi anachoka pansi, moti masiku ena amaiwala. Utuchi akakhala pomwepo, mkazi wake amamugunda ndi chigongono. Ndiye amatsokomola.